BR 01 ya Märklin kapena ya Roco? Yambani mwayang'ana njanji

Anzanga amene mukufuna kugula kamutu ka sitima ya malasha ya ku Germany, kachidole koyenda pa magetsi, kaya ka mtundu wa BR 01 kaya wa BR 52, musathamangire kufunsa kuti kokongola n'kati. Yang'anani kaye njanji zimene mwayala patebulo, chifukwa ndi zimene zidzakulamuleni pa chilichonse chimene mudzagule m'tsogolo.

Makampani onse awiri, Märklin ndi Roco, amapanga tisitimati pa muyeso wa H0, ndiye kuti chilichonse chachepetsedwa ka 87. BR 01 yeniyeni, imene inayamba kunyamula anthu mu 1926, ndi yaitali pafupifupi mamita 24. Patebulo imatsala masentimita 27 ndi theka. Mpata wa njanji ndi umodzimodzi, mamilimita 16.5. Kusiyana kuli pa magetsi.

Märklin, kampani ya ku Göppingen imene inayamba mu 1859, imadutsitsa magetsi pakati pa njanji. Pamenepo pali timitu tachitsulo tondondozana, ndipo kunsi kwa injini kuli kachitsulo kotsetsereka kamene Ajeremani amati Schleifer, kamene kamayenda kakukhula timituto. Magetsi amabwerera kudzera m'njanji zonse ziwiri. Choncho njanji ikhoza kukhota n'kudzalumikizana ndi komwe yachokera popanda shoti, ndipo kafumbi pang'ono sikaimitsa sitima. Injini zake zambiri n'zachitsulo. Mukainyamula BR 01 yawo mumamva kuti mwagwira chinthu. Koma timituto timaoneka, ndipo usiku m'nyumba mukakhala zii, kachitsulo kaja mumakamva kakukwecha.

Roco, ya ku Austria, imagwiritsa njanji ziwiri basi, ina kupititsa magetsi ina kubweza. Poyang'ana, ndi njanji yeniyeni. Injini zake zambiri za malasha zili ndi mota m'kabogi ka kumbuyo konyamula malasha ndi madzi, ndipo pulasitiki imawalola kuumba tipaipi toonda ngati ulusi. Tina timabwera m'kapepala kuti mumatike nokha. Kakagwa pansi kamodzi, mugwada mpaka mawondo kuwawa. Njanji zake zimafuna kupukuta pafupipafupi, ndipo mukafuna kuti sitima itembenuke n'kubwerera pa njanji yomweyo, muyenera kudula njanji pawiri n'kuikapo kachipangizo kosintha magetsi.

Ine ndinapunthwa pomwepa. Ndinagula mabogi anayi akaunjika osafunsa, ndinangoona kutchipa. Kungoika limodzi pa njanji zanga ziwiri, zonse zinazima. Ndinatha madzulo onse ndikufufuza mawaya, osadziwa kuti mawilo a mabogiwo anali a njanji za timitu, amene chitsulo chake chimalumikiza mbali zonse ziwiri. Mabogi amachiritsika, mumangosintha mawilo. Injini ndiye ayi, kuisintha ndi ntchito ya mmisiri ndipo nthawi zambiri ndalama yake siyenerera.

Musaganize kuti dzina la kampani lakutsekerani khomo. Trix, imene ili m'manja mwa Märklin kuyambira 1997, imatulutsa injini zambiri zomwezo za njanji ziwiri. Roco nayo imapanga zina za njanji za timitu. Werengani bokosi: AC ndi ya timitu, DC ndi ya njanji ziwiri. Piko ya ku Sonneberg imapanga mitundu yonse iwiri ndipo kawirikawiri siboola m'thumba kwambiri. Fleischmann inasiya H0 n'kutsalira pa tating'ono ta muyeso wa N, koma injini zake zakale zikadali mbwee pa kaunjika.

Pa digito sindichedwapo. Injini ya mfx, njira ya digito ya Märklin, imadzilembetsa yokha mukaiika pa njanji ya Märklin, pomwe ya DCC, njira imene makampani ena ambiri amagwiritsa, mumaipatsa nambala nokha. Ndi Z21, kachipangizo ka digito ka Roco, mumayendetsa sitima pa foni.

Chimene ambiri amaiwala ndi zaka. BR 01 ya nthawi ya Reichsbahn, kampani yakale ya njanji ya boma la Germany, ili ndi zotchinga utsi zazikulu za Wagner m'mbali mwa mphuno. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, za ku West Germany zambiri anaziika zazing'ono za Witte. Nambala nayo imaulula: 01 150 inasanduka 001 150-2 mu 1968. Mukaimangirira mabogi a zaka zina, wodziwa adzangomwetulira. BR 52, imene inatuluka mu 1942 nkhondo ili mkati ndipo anapanga zoposa 6,000, ndi yokoka katundu, ndipo mawilo ake khumi okoka amaoneka opanikizika pa kona yothina ya masentimita 36 ngakhale imadutsa.

Ine ndinatsalira pa njanji ziwiri, chifukwa ndimakonda kuika diso pafupi ndi tebulo n'kuona mikono ya mawilo ikupalasa pa njanji yopanda timitu. Koma amene muziyala njanji pansi Loweruka n'kuzichotsa Lamlungu, ana ali pomwepo, tengani Märklin.