Mira, Passo, Vitz kapena Aqua: ndi iti imamwa pang'ono pa zitunda za Dedza ndi Ntcheu?

Aliyense wogulitsa galimoto yaing'ono ali ndi mawu amodzi: "Iyi bwana simamwa mafuta, imangonunkhiza." Mira amainenera choncho, Passo choncho, Vitz ndi Aqua chimodzimodzi. Popeza funso loti tigule iti likumvekabe pakati pathu, makamaka kwa aphunzitsi, anamwino ndi a mabizinesi ang'onoang'ono omwe akufuna galimoto yawo yoyamba, ndati ndiwaike magalimoto anayiwa pamodzi malinga ndi momwe amachitira pa misewu yathu kuno ku Dedza ndi Ntcheu. Ndiwerengera m'malita ndi m'makilomita, chifukwa mtengo wa petulo womwe a MERA amalengeza sukhalitsa.

Tiyambe ndi manambala omwe mumawaona pa intaneti mukamasankha galimoto ya ku Japan. Mira e:S itatuluka mu 2011, a Daihatsu anailembera makilomita 30 pa lita, ndipo ya 2017 anailembera 35.2. Toyota Aqua yoyamba anailembera 35.4, pomwe Passo ya 2016 anaipatsa 28. Manambalawa si abodza, koma anapezeka pa mayeso otchedwa JC08, pomwe galimoto imakhala m'nyumba, matayala akuzungulira pa zitsulo zogudubuzika, AC ili yozimitsa, kopanda chitunda ngakhale chimodzi. Liwiro lake mukaligawa bwino ndi makilomita 24 okha pa ola, ndipo silipitirira 82. Eni akewo atasinthira ku mayeso ena okhwimirako otchedwa WLTC, Mira ya 2017 yomwe ija inatsika kufika pa 25, Passo pa 21. Imeneyo ndi galimoto yatsopano, isanatuluke n'komwe m'dziko lakwawo. Nanga yathuyi yomwe yatha zaka khumi m'manja mwa ena, yatsika sitima pa Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe?

Ikafika kuno imakumana ndi zinthu zina zomwe pepala lija silizidziwa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamenepa mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Mpweya wopepukawu paokha suchititsa galimoto kumwa kwambiri, poti kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya womwe walowa. Chomwe chimadya mafuta ndi phazi la dalaivala: galimoto ikafooka mumaponda moto kwambiri, injini n'kumalira pamwamba. Onjezerani kuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa Ethco ku Dwangwa ndi wa PressCane ku Chikwawa, zomwe dziko lino linayamba mu 1982. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi ya petulo, choncho akathira 10 pa 100 mumataya makilomita pafupifupi 3 pa 100 aliwonse, akathira 20 mumataya 6 kapena 7. Ndiye kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi: amene amangochoka kunyumba kupita pa boma n'kuima, injini yake imakafika isanatenthe, ndipo injini yozizira imamwa kwambiri. Zimenezi zimagwira magalimoto onse anayi, koma siziwagwira mofanana.

Mukachotsapo Aqua, Mira ndiyo mfumu ikakhala yopepuka, zimenezo sinditsutsa. Injini yake ndi ya 660cc, masilinda atatu, ndipo galimoto yonse ya 2011 imalemera makilogalamu 730 basi. Mukakhala awiri, matayala ali ndi mpweya wokwanira, mukuyenda 70 kapena 80 kuchoka pa boma kudutsa Chimbiya, Kamphata, Nathenje mpaka Lilongwe, imazungulira pa makilomita 20 pa lita, mwinanso kupitirirako. Passo ndi Vitz zimavutika kufikapo.

Koma taimani nayo pa Lizulu tsiku la msika. Muli anthu anayi akuluakulu, mayi atsitsa mtengo wa kabichi, anyamata akukankhira matumba awiri a kachewere kumbuyo, lina pa miyendo ya okhala kumbuyoko poti buti la Mira ndi la chikwama chimodzi. Mukatuluka n'kuyang'ana, tayala lakumbuyo lalowa m'kati mwa bodi, ekizozi yatsala pang'ono kukhudza phula. Tiwerenge: anthu anayi ndi makilogalamu ngati 280, kachewere ndi ndiwo 100, zonse 380. Kwa Mira umenewo ndi katundu wopitirira theka la kulemera kwake, pomwe kwa Vitz, yomwe imalemera pafupifupi tani imodzi, wangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Mphamvu ya Mira ndi horsepower 52, ndipo mukachotsapo ya mtunda wathu ija imatsala cha m'ma 44. Kuchoka apo kukwera kulowera ku Bembeke phazi limakhala pansi, giya ya CVT, otomatiki yopanda magiya owerengeka, imasiya injini ikukuwa osapuma, ndipo makilomita 20 aja amagwa kufika pafupi ndi a Passo. Mira yodzaza ili ngati mwana wosenza mtolo wa nkhuni wa mayi ake: kufika amafika, koma thukuta lake n'losayenerana ndi ulendowo. Chimodzimodzi mukaithamangitsa kupitirira 100. Mphepo yolimbana ndi galimoto imakula kanayi liwiro likakula kawiri, ndipo kainjini kakang'ono ndi komwe kamayamba kumva. Kumbukiraninso kuti Mira analembetsa kuti ndi ya anthu anayi, malamba ake ndi anayi. Wachisanu uja apolisi apamsewu akamuona, ndalama yomwe munapulumutsa pa mafuta yapita.

Chinanso pa Mira e:S ndi kaja kozimitsa injini mukaima, kolembedwa eco IDLE. Ku Japan kamapulumutsa mafuta pa maloboti. Kuno maloboti ake ndi ati? Komanso kamafuna batire lapadera, ndipo ambiri likatha amaikamo wamba, kenaka kozimitsako kamasiya kugwira ntchito. Musamakawerengere posankha.

Passo ya 1.0 ndi Vitz ya 1.0 ya kuyambira 2005 ndi pachibale: injini yake ndi imodzi, 1KR-FE ya masilinda atatu, ndipo Passo ankapanga ndi a Daihatsu omwewo, kwawo ankaitcha Boon. Anthu amalimbana kuti yomwa pang'ono ndi iti, koma chosiyanitsa chachikulu ndi chaka ndi giya, osati dzina. Passo yoyamba, ya 2004 mpaka 2010, ili ndi otomatiki ya magiya anayi, ndipo pa chitunda imasinthasintha magiya n'kumamwa kuposa momwe kukula kwake kumalonjezera. Passo ya kuyambira 2010 ndi Vitz ya kuyambira 2005 zili ndi CVT, ndipo zikakhala zosamalidwa zimayenda pakati pa makilomita 14 ndi 17 pa lita pa M1. Passo ndi yopepukirapo ndipo m'kati mwake muli malo, koma pa makona a ku Mlangeni ndi Biriwiri, thiraki ikakudutsani, mumaimva ikugwedezeka. Vitz imagwira msewu bwino.

Pamene ine ndimasiyana ndi anzanga ambiri ndi pa Vitz ya 1.3. Aliyense akamva 1.3 amathawa, ati imwa. M'tauni mopanda zitunda n'zoona, 1.0 imapambana. Koma kwa ife oyenda m'mapiri kusiyana kwake kumachepa kwambiri, kilomita imodzi kapena awiri pa lita, ndipo galimoto ikadzaza kumatheratu, chifukwa injini ya masilinda anayi imakwera isakukakamizidwa. Yesani msewu wa Khwekhwerere, kuchoka ku Golomoti kukwera kudzatulukira pa Masasa. Mumakwera mamita pafupifupi 1,000 m'makona okhaokha. Ya 1.0 yodzaza imakwera ikudandaula, fani ikulira, pomwe ya 1.3 imangoyenda phazi lili pakati. Ngati kwanu n'ku Mtakataka kapena ku Mua ndipo ntchito ili pa boma, nkhani ya 660cc ndi 1.0 muiganize kawiri.

Aqua ndi nkhani ina. Injini ndi ya 1.5, koma imathandizana ndi mota ya magetsi, zomwe amati hybrid, ndipo batire lake likakhala lamoyo imapereka makilomita 20 mpaka 23 pa lita, mofanana ndi Mira kapena kuposerapo, ili ndi anthu asanu komanso mphamvu yokwanira kudutsa thiraki pamsewu bwinobwino. Pa msewu wokwera ndi kutsika ngati wa Dedza kupita ku Ntcheu imapindula, chifukwa pa mtsetse mota imabweza magetsi mu batire ndipo injini imazima. Musayembekeze zozizwitsa pa mtsetse wautali ngati wa Khwekhwerere: batire ndi laling'ono, limadzaza msanga, ndipo kotsalako muike giya pa B, injini ithandize kuchepetsa liwiro, kuti mabuleki asapse.

Mavuto ake ndi awiri, ndipo onse ndi a kuno kwathu. Loyamba, ndi yotsika, masentimita 14 okha kuchokera pansi. Pa mahampu a m'misika imakhula, ndipo msewu wa ku Lobi, ku Mayani kapena wokwera ku Tsangano nthawi ya dzinja si wake. Lachiwiri ndi fumbi. Batire lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kazenera ka m'munsi mwa mpandowo. Tsegulani kazenera kameneko pa Aqua yomwe yayenda chilimwe chimodzi m'misewu yafumbi, mupeza kali kotsekeka ndi dothi lofiira, ubweya wa bulangete ndi tsitsi. Batire likamatentha limakalamba msanga, injini imayamba kulira nthawi zonse, ndipo Aqua yotereyi imamwa ngati galimoto wamba ya 1.5 yomwe yanyamulanso batire lolemera. Kusintha batirelo ndi ndalama yoti ingagule petulo wa miyezi yambiri, komanso amakaniko odziwa hybrid ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Wa Vitz ikamuvuta pa Kampepuza amapeza womuthandiza pomwepo.

Tsono kusiyana konseku n'kwa malita angati? Kuchoka pa Dedza kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kupita ndi kubwera 170. Galimoto ya makilomita 20 pa lita idya malita 8.5, ya 15 idya malita 11 ndi kanthu. Kusiyana ndi malita pafupifupi atatu. Ngati ulendowu mumauyenda sabata iliyonse, pa chaka ndi malita ngati 150, ndipo imeneyo ndi ndalama yooneka. Ngati mumauyenda kamodzi pa mwezi, ndi malita osafika 40, osakwana n'komwe fulu thanki ya Vitz, ndipo sichingakhale chifukwa chogulira galimoto yomwe banja lanu silikwanamo. Nthawi ya mizere ya mafuta thanki nayo imalankhula: ya Mira ya 2011 ndi ya malita 30, ya Aqua 36, ya Vitz 42. Mira ndi Vitz zikadzaza zonse zimayenda makilomita cha m'ma 600, Aqua yabwino imayandikira 800. Koma akamagawa mafuta pang'onopang'ono, aliyense malita khumi, wa Mira ndi wa Aqua ndi omwe amachoka akumwetulira.

Musanatsutsane ndi mnzanu za galimoto yake, yezani yanu moyenera. Nambala ya pa dashibodi kawirikawiri imakometsa. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, kenaka mudzazenso pa pampu yomweyo n'kugawa makilomita ndi malita. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa malire sangakuthandizeni kuyeza, poti muyezo wake ndi wa m'maso, ndipo zomwe zilimo mumazidziwa injini ikayamba kutsokomola. Nambala ikatuluka yoipa, musathamangire kugulitsa galimoto. Onani mpweya wa matayala, fyuluta ya mpweya, mapulagi ndi oyilo. Injini zimenezi zinapangidwira oyilo wopyapyala wa 0W-20 kapena 5W-30, koma zambiri zikuyenda ndi 20W-50 yemwe m'mawa wa pa Dedza amakhala wolimba kwambiri. Mu giya ya CVT muzithira oyilo wa CVT, osati wa otomatiki wamba. Ndipo chizolowezi choika pa N pa mtsetse chisiyeni: galimoto ikamatsika ili m'giya phazi mutachotsa, kompyuta imadula petulo, pomwe pa N injini imamwabe kuti isazime, mabuleki n'kumagwira ntchito okha.

Ndiye tigule iti? Ngati mumayenda nokha kapena awiri, pa phula, ndipo simuthamanga, tengani Mira e:S, palibe yoiposa pa mtengo wake. Ngati msewu wanu ndi M1 basi, makilomita ndi ambiri ndipo muli ndi kandalama kapadera ka tsiku lomwe batire lidzafooke, Aqua idzakubwezerani, bola musanalipire mupite nayo pa kompyuta akaone batirelo. Passo ya magiya anayi ndimaisiya, pokhapokha mtengo utatsika kwambiri. Ineyo, wa banja la anthu asanu, womwe kumudzi n'kuseri kwa Tsangano ndipo sindibwerako manjamanja, ndinatenga Vitz ya 1.3. Amene mukufuna kuyesa musanagule, musavomere kungozungulira pa boma: kwezani anthu atatu kumbuyo, mutsike nayo ku Golomoti n'kukweranso, mudzaze thanki musananyamuke komanso mutabwerako.