Hilux yanga nditaikweza ndi mamilimita 50: mmene yayendera madzinja awiri

Ndikaimika galimoto ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, sipalephera munthu wondifunsa ngati kukweza galimoto chonchi n'kothandiza, ndiponso kuti kumadya ndalama zingati. Miyezi yoyambirira ndinkayankha msangamsanga kuti n'kothandiza kwabasi. Panopa galimotoyi yaona madzinja awiri ili yokwezedwa, ndipo yankho langa latalika. Ndalemba izi poganizira munthu amene akusunga ndalama kuti achite zomwezi, kuti adziwiretu chimene akugula.

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya zitseko zinayi, ija timaitchula kuti Vigo, ya injini ya dizilo ya 3.0 D-4D. Ine ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Ndimakhala ku Machinjiri, koma chakudya ndimakachipeza ku Neno, ku Chikwawa, nthawi zina ku Phalombe, m'midzi yomwe ili kutali ndi phula. Kumbuyo sikusowa katundu: mapaipi, ndodo zachitsulo za mjigo, matumba a simenti, bokosi la zida. Chimene chinandikankha ndi mmene misewu ya kumudzi inatsalira namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Madzi anakumba ngalande pakati pa misewu, timilatho tinapita, ndipo malo ambiri tinkachita kutsikira mumtsinje n'kukatulukira tsidya lina. Galimoto ikalemedwa kumbuyo kunkagwada, chitsulo chokokera ngolo chinkakhula pansi potuluka mumtsinje, ndipo chitsulo chotchinga injini kunsi chinali chitapindika kale ndi miyala.

Choncho dzinja la chaka chimenecho lisanayambe ndinaitanitsa zitsulo zokwezera galimoto, zomwe amati lift kit, za mainchesi 2, omwe ndi pafupifupi mamilimita 50. Munali mashoko anayi, masipuling'i ozungulira a kutsogolo, masipuling'i a mapuleti a kumbuyo, mabushi ndi ma U-bolt. Anthu okonda galimoto za kutchire amatchulatchula mayina ngati Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Tough Dog, omwe ndi a ku Australia. Yanga si imodzi mwa zimenezi, ndipo dzina lake lilibe ntchito pano, chifukwa zambiri zomwe ndifotokoze zimabwera ndi kusintha msinkhu wa galimoto, kaya zitsulozo wapanga ndani.

Zabwino zilipo, ndipo sindingazichepetse. Kumbuyo kunasiya kugwada. Ndimatha kukweza matumba a simenti ndi mapaipi galimoto n'kuimabe mowongoka, pomwe kale mphuno inkaloza kumwamba. Potsikira mumtsinje ndi potulukamo, kutsogolo ndi kumbuyo sikukhulanso. Pamimba pa galimoto, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, pamene ndinkatsakamira podutsa pa kamtumbira, tsopano pamadutsa bwinobwino. Dzinja loyamba silinandiyese kwenikweni poti kummwera kuno kunali ng'amba ya El Niño. Lachiwiri ndi limene ndinaonera phindu lake, makamaka ku Neno, komwe dothi likanyowa limaterera ndipo magalimoto akuluakulu amasiya mikwasa yakuya. Mashoko atsopanowo amapiriranso pa msewu wa manthunthumira. Akale ankatentha n'kufooka ndikayenda mtunda wautali, galimoto n'kumangodumphadumpha.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa sachinena mokweza, ndipo ndi chimene ndikufuna aliyense amvetse. Lift kit imakweza chasisi ndi bodi. Difu ya kumbuyo, chimutu chija cha magiya chogawira mphamvu ku matayala, siikweza. Pa Hilux difu ya kumbuyo ili pa ekiselo yolumikiza matayala awiri, ndiye msinkhu wake kuchokera pansi umadalira kukula kwa tayala basi. Ndinaziona ndi maso tsiku lina ku Chikwawa, titalowa m'mikwasa ya thalakitala. Galimoto inaima, matayala akungozungulira. Nditagwada kusuzumira, bodi inali m'mwamba ndithu, mpata woti mwana angakwawemo, koma difu itakhala phwathalala pa mzere wa dothi wa pakati pa mikwasa. Tinakumba ndi makasu monga momwe tinkakumbira ndisanaikweze.

Kuti difu ikwere pamafunika matayala okulirapo, ndipo apa masamu ake ndi ogwetsa ulesi. Tayala la 265/65 R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776. La 265/70 R17, lomwe ndinavala pambuyo pake, ndi pafupifupi mamilimita 803. Kusiyana kwake ndi mamilimita 27, koma difu imakwera ndi theka lokha, pafupifupi mamilimita 13. Ndi ochepa, komabe m'mikwasa mamilimita 13 amenewo andipulumutsa kangapo pomwe 50 a lift kit analibe chochita. Ndinganene mosaopa kuti m'matope matayala abwino a AT, aja oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe, andithandiza kuposa kukweza kwenikweniko.

Mavuto enieni anayambira kutsogolo. Kutsogolo kwa Vigo tayala lililonse limayenda palokha, logwiridwa ndi mikono iwiri, wa m'mwamba ndi wa m'munsi. Mukakweza, mikonoyo imapendekera pansi, ndipo zonse zolumikizana nayo zimayamba kugwira ntchito zili chopendekeka. Choyamba kuchimva chinali chiwongolero. Pa msewu wa ku Zalewa galimoto inkangoyendayenda, kufuna kuigwira ndi manja awiri nthawi zonse, ndipo ndikakhota chiwongolero sichinkabwerera chokha pakati ngati kale. Ndinapita nayo ku alaimenti. Mnyamata wa pamakinawo anandiitana kuti ndione pa kompyuta, nati: "Achimwene, caster yathawa. Ndapotokola mabawuti mpaka pothera, sikufika. Apa pakufunika mikono ina ya m'mwamba." Caster ndi kupendekeka kwa polumikizira tayala komwe kumabweza chiwongolero pakati. Anayesetsa mmene akanathera, koma patapita miyezi matayala a kutsogolo anayamba kudyeka mbali imodzi, pakati pakadali mano.

Kenaka ma CV joint, mfundo za pa mashafiti opititsa mphamvu ku matayala a kutsogolo. Pa galimotoyi mashafiti a kutsogolo amazungulira limodzi ndi matayala nthawi zonse, ngakhale musanalowetse 4x4. Mukakweza, amazungulira ali pangodya yaikulu kuposa imene anapangidwira, ndipo mphira wotchinga girisi, uja amati buti, mapindo ake amakhulana okhaokha. Tsiku lina ndikutsuka galimoto ndinaona girisi wakuda atamwazika mozungulira mkati mwa limu ya kumanzere. Nditapindira chiwongolero mbali imodzi n'kusuzumira, buti inali itang'ambika kamzere kakang'ono pa pindo, ndipo fumbi lofiira la ku Neno linali litalowa kale. Girisi akasakanikirana ndi mchenga amadya chitsulo msanga. Ndinaisintha isanayambe kulira kuti kha kha kha pokhota, koma ya kumanja nayo sinachedwe kutsatira.

Mankhwala ake alipo. Pali mikono ya m'mwamba yopangidwira galimoto zokwezedwa, yomwe imabweza caster ndi kupepuza ball joint, mfundo yolumikiza mkono ndi tayala. Palinso tizitsulo totsitsira difu ya kutsogolo pang'ono kuti ma CV asapendekeke kwambiri. Zimenezi munalibe mu kit yanga, ndipo m'ma kit ambiri otsika mtengo mulibe. Pamene ndinkazindikira kuti ndikuzifuna, kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa, ndipo chilichonse chochokera ku Johannesburg chinali chitakwera. Ndinadikira miyezi yambiri ndikuyenda ndi galimoto yodya matayala. Nditavala mikonoyo, chiwongolero chinakhazikika tsiku lomwelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtengo wake unayenera kuwerengeredwa pachiyambi pomwe. Munthu akakuuzani mtengo wa lift kit ya galimoto yamtunduwu popanda mikono ya m'mwamba, alaimenti ndi matayala, wakuuzani gawo chabe.

Za masipuling'i a kumbuyo ndiye nkhani ina. Amagulitsidwa motengera katundu amene galimoto imanyamula tsiku ndi tsiku. Alipo a galimoto yoyenda yopanda kanthu, alipo a makilogalamu 300 osatsika m'galimoto, ena kuposa pamenepo. Ine ndinatenga olimba poganizira simenti. Ikalemedwa imayenda mosalala zedi. Koma simenti imatsika, ndipo masiku ambiri ndimakhala m'tauni muno kumbuyo kuli mbee. Pamenepo galimoto imagwedeza ngati ngolo ya ng'ombe. Hampu iliyonse ndi dzenje lililonse la mumsewu wa ku Machinjiri zimafika mumsana. Mayi a kunyumba anafika ponena kuti, "Bambo, ulendo wa ku tchalitchi ndi bwino tizikwera minibasi." Sankanena mwanthabwala, chifukwa amavutika ndi msana. Kumbuyo kukakhala kopepuka chonchi, pa msewu wafumbi wa manthunthumira matayala amadumpha n'kutaya msewu pokhota, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa kugwedezako. Panopa ndimasiya matumba a mchenga kumbuyo ndikakhala ndilibe katundu. Zimathandiza, ngakhale kuti ndikuwotcha dizilo kunyamula mchenga.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mabuleki, ndipo ndikupempha aliyense wokweza galimoto aziwerenge bwino izi. Galimoto zambiri zonyamula katundu za zaka zimenezo, kuphatikizapo yanga, zili ndi kavalavu kumbuyo kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Ntchito yake ndi kuyeza mmene galimoto yagwadira. Ikagwada kwambiri, kamadziwa kuti yalemedwa, ndipo kamatumiza mphamvu yochuluka ku mabuleki a kumbuyo. Mukakweza galimoto osasintha kandodoko, kavalavuko kamaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse, ndiye ntchito yambiri imagwera mabuleki a kutsogolo. M'tauni simungazizindikire. Ine ndinazizindikira potsetsereka ku Thabwa, pa makona aja otsikira ku Chikwawa, nditadzaza simenti. Ndinali pa giya yotsika monga mwa nthawi zonse, komabe ndisanafike kunsi fungo la mabuleki opsa linadzaza m'galimoto ndipo pedulo inayamba kufewa. Ndinaima pambali kudikira kuti azizire. Amene anandivalira kit sanakakhudze n'komwe kavalavuko. Makaniko wina wachikulire ku Ndirande ndi amene anakaona, nakweza polumikizira pake ndi kachitsulo kofanana ndi msinkhu umene galimoto inakwera. Inali ntchito yochepa, ya ndalama zochepanso. Anayang'ananso mapaipi a mphira a mabuleki ngati sakukokeka ekiselo ikalendewera, chinthu china chimene ambiri amachiiwala.

Pa makona omwewo mumamvanso kuti galimoto yatalika. Imapendama kwambiri kuposa kale, makamaka ndikamanga mapaipi pamwamba. Galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakweranso, ndipo sipafunika zambiri kuti igudubuzike mukakhota modzidzimutsa pothawa njinga ya kabaza kapena mbuzi. Ndinachepetsa liwiro, ndipo anyamata anga sindiwalolanso kukhala pamwamba pa katundu.

Zina ndi zazing'ono. Nyali zinafunika kuzilozanso bwino. Panali kunjenjemera pang'ono ponyamuka, komwe kunatha ataika kachitsulo pa bering'i ya pakati ya propshaft, shafiti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo. Ndi matayala okulirapowo sipidomita imawerenga mochepera ndi pafupifupi 3 peresenti, moti ikaloza 100 mumakhala mukuthamanga pafupifupi 103, ndipo kamera ya apolisi a pamsewu imawerenga liwiro lenilenilo. Dizilo imamwa wochulukirapo, osati modabwitsa, koma nthawi imene tinkagona pa mizere ya mafuta ndinkaumva kuwawa. Amayi anga okalamba sangathenso kukwera okha. Ndimayenda ndi kampando kowapondetsa, ndipo amati, "Mwana wanga, galimoto imeneyi unaitalikitsiranji?" A inshulansi ndinawadziwitsa za kusinthaku, ndipo ndikulangiza aliyense kutero, kuti pakachitika ngozi pasadzakhale pokanira.

Kodi ndingakwezenso? Pa ntchito yangayi, inde, koma mamilimita 50 ndiye malire. Ndaona anyamata ena akuika zotchinjiriza pamwamba pa mashoko kuti ikwere mainchesi 3 kapena 4 chifukwa imaoneka yaukali. Pa galimoto ya kutsogolo kotere, mukakweza kwambiri tayala limatsala ndi mpata wochepa wotsikira m'dzenje, ndiye limalendewera m'malere pamalo pomwe likanagwira pansi, ndipo ma CV ndi ma ball joint amatha msanga. Kwa munthu amene ulendo wake ndi wa ku ofesi, ku Chileka, ndi kamodzikamodzi ku Mulanje kapena ku Majete nthawi ya chilimwe, Hilux mmene inabwerera imakwanira. Ndalamazo zipite ku matayala abwino ndi mashoko atsopano a msinkhu wake womwewo.

Amene mwatsimikiza mtima, musanalipire yezani kaye katundu amene mumayenda naye masiku ambiri, osati wa tsiku limene mwadzaza kwambiri, ndipo masipuling'i musankhire pamenepo. Wokuvaliraniyo mumufunse za caster, za ma CV ndi za kavalavu ka mabuleki. Akayamba kuzungulirazungulira, pitani kwina. Zitsulo zakale musagulitse msanga. Ine masipuling'i anga akale ndinawasunga, ndipo makaniko wa ku Ndirande uja tagwirizana kuti dzinja likatha tichotse puleti imodzi pa atsopanowa, tione ngati kumbuyo kungafeweko popanda kugwadanso ndi simenti. Zikakanika ndidzaitanitsa ena apakatikati ndalama zikapezeka.