Kebulo, air-core kapena stepper: chabwino n'chiti poyendetsa muvi wa geji?

Anzanga okonza ndi kupanga mageji a galimoto, muvi wa sipidomita umayendetsedwa m'njira zitatu zodziwika, ndipo iliyonse imafa mwa mtundu wake.

Yakale ndi ya kebulo, luso lomwe Otto Schulze adalembetsa mu 1902. Kebulo yochokera ku giyabokosi imazunguza maginito mkati mwa kachikho ka aluminiyamu kogwirana ndi muvi. Maginitowo sakhudza kachikhoko n'komwe, koma akamazungulira amadzutsa magetsi m'menemo, ndiye kamakokeka kutsatira, kasipuling'i kopyapyala kakulimbana nako. Liwiro likakwera kukokako kumakula, muvi n'kukwera. Batire sifunika. Muvi ukayamba kunjenjemera, kawirikawiri ndi kebulo imene yauma kapena yapindika mopitirira: isololeni, ipakeni girisi, mwathana nazo. Choipa chake n'chakuti sipuling'i ikatopa, geji imayamba kunama mwakachetechete.

Air-core ili ndi makoyilo awiri opingasana, pakati pake maginito ogwirana ndi muvi. Mulibe magiya, ndipo muvi umayenda mosalala chifukwa cha mafuta a silikoni amene ali mkatimo. Koma imafuna kachipangizo kogawa magetsi ku makoyilo awiriwo mwa muyeso wake, ndipo pa kulondola ndi yapakatikati.

Mtima wanga uli pa stepper, kamota kamagetsi kozungulira m'masitepe ang'onoang'ono. Taonani stepper yotchedwa X27.168: imazungulira madigiri 315, ndipo masitepe atatu ndiwo digiri imodzi, kutanthauza masitepe 945 onse pamodzi. Timagiya tapulasitiki ta mkati timachepetsa liwiro la mota ka 180, ndipo koyilo imadya pafupifupi 20 mA pa 5 V, moti Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo, imatha kuiyendetsa, bola muikepo madayodi oteteza. Chofooka chake musachiiwale: siidziwa pamene muvi uli, imangodalira kuwerenga masitepe. N'chifukwa chake poyatsa imabwerera mpaka kugunda potsekera kuti ipeze ziro. Mukaithamangitsa kwambiri imalumpha masitepe, muvi n'kumaloza polakwika mpaka idzabwererenso pa ziropo. Timagiyato tikatha muvi umakakamira kapena kudumphadumpha, ndipo mankhwala ake n'kuchotsa motayo pa bolodi n'kuwotcherera ina. Musanazule muvi, lembani pamene unali, apo ayi mudzavutika pobwezera.

Mukupanga geji yatsopano, tengani stepper. Koma galimoto yakale imene kebulo yake ikadali yamoyo, isiyeni choncho. Kuisintha kumafuna sensa pa giyabokosi, mawaya atsopano ndi kuyesanso muyeso wonse, pomwe girisi pang'ono akanakwanira.