Bogi ya chete pa sitima ya Newcastle–London: nyenyezi zitatu ndi theka

Ndakwera bogi imeneyi maulendo asanu ndi limodzi tsopano, ndiye ndikuona kuti ndili ndi pakamwa poyankhulira. Ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kuno ku Newcastle. Mng'ono wanga amakhala ku London, ndipo chibadwire mwana wake ndakhala ndikutsikirako pafupipafupi. Nthawi zambiri ndimaweruka 8 koloko m'mawa, kukasamba, kenako wa ku siteshoni maso ali psuu. Ulendo wake ndi wa maola pafupifupi atatu, ndipo maola amenewo ndiwo tulo tanga ta tsikulo. Nditaona pogula tikiti pa foni kuti munthu angathe kusankha mpando mu bogi imene eni ake amaitcha Quiet Coach, ndinangodinapo nthawi yomweyo.

Ndiyambe ndi zimene mumagula, chifukwa ena amaganiza kuti ndi malo a mabwana. Ayi. Simuwonjezera ngakhale peni. Mipando ndi yomweyo, soketi yotchajira foni ndi yomweyo, chimbudzi ndi chomwecho. Chosiyana ndi timapepala tomata pa mazenera ndi pa chitseko, tojambulidwa foni, ndi pempho loti mutseke kulira kwa foni, mukafuna kuyimba kapena kuyankha mupite ku khomo pakati pa mabogi, mahedifoni anu asamvekere mnzanu, ndipo mukamacheza muzitsitsa mawu. Sanaletse kuyankhula. Ambiri samvetsa pamenepa, ndipo mikangano yambiri imene ndaiona imachokera pomwepa: wina akuganiza kuti ndi m'tchalitchi nthawi ya pemphero, wina akuganiza kuti bola sakukuwa.

Ulendo woyamba unandinyenga. Linali Lachiwiri, anthu ochepa. Tinadutsa chifanizo chachitsulo chija cha Angel of the North, ndinaona tchalitchi chachikulu cha Durham chili njo pamwamba pa phiri monga chimaonekera sitima ikamadutsa pa mlatho, kenako sindikudziwa. Ndinadzidzimuka tili ku Peterborough, tsaya litamatirira pa zenera, dovu lili pa kolala. York sindinamuone, Doncaster sindinamumve. Sitima za njira imeneyi zimathamanga mpaka mamailosi 125 pa ola koma m'kati mumangomveka kakung'ung'udza kapansipansi, kamene kwa munthu wotopa n'kofanana ndi kukhala kumbuyo kwa mayi wako. Ndinatsika ku King's Cross, siteshoni ya ku London, ndili munthu. Tsiku limenelo ndikanalemba ndemanga, ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu.

Maulendo otsatira ndiwo anandiphunzitsa kuti chete ali ndi adani ake, ndipo mdani woyamba ndi sitimayo. Zimkuzamawu za mu bogi ya chete zimalira mofanana ndi za kwina konse. Pa siteshoni iliyonse akulandireni, akuwerengereni masiteshoni onse otsala, akuuzeni za matikiti amene sagwira ntchito pa sitimayi, akukumbutseni katundu wanu, akuuzeni kuti ku bogi ya zakudya kuli khofi ndi masangweji. Ndiye pali uthenga wa apolisi a pa njanji uja, woti mukaona chachilendo mutumize meseji ku 61016, womaliza ndi mawu aja aliyense wokhala kuno anawaloweza osafuna: "See it. Say it. Sorted." Sindikuti asiye kulengeza. Pali anthu osaona amene amadalira mawu amenewo kuti adziwe potsikira. Koma zotsatsa masangweji angathe kutichotsera ife amene tasankha kugona. Ndipo chinthu chimandiseketsa n'choti nthawi zina amalengeza mokweza kwambiri kuti bogi ino ndi ya chete.

Mdani wachiwiri ndi timaphokoso ting'onoting'ono timene kwina simungatimve n'komwe. Pepala la makirisipi. Munthu wodina laputopu ngati akusinja. Choipitsitsa ndi mahedifoni otayikira, kaja ka tsi-tsi-tsi kosamveka nyimbo yake, kongokhala ngati udzudzu walowa mu neti. Ndinazindikira kuti mu bogi wamba, mmene aliyense akuyankhula, phokoso limasanduka ngati mvula pa malata, umatha kugona. Mu bogi ya chete munthu mmodzi yekha akayamba, khutu lako lonse limapita kwa iye. Umamva mawu alionse. Ndikudziwa za mayi wina amene sindidzamuonanso kuti khitchini yake anaiika matailosi olakwika ndipo mmisiri sakuyankha foni.

Ulendo wachitatu ndi umene unandichotsetsa nyenyezi yathunthu. Bambo wina wa suti anakwera ku Darlington, n'kukhala pa mipando ya pa tebulo, pansi penipeni pa kapepala ka chete kaja. Anatsegula laputopu n'kulowa mu msonkhano wa kuntchito kwawo. Anavala mahedifoni, inde, ndiye anzakewo sitinkawamva, koma iye ankayankhula ngati ali yekha mu ofesi, n'kumaseka, n'kumatchula ziwerengero. Apa mpamene ndinaonera khalidwe la anthu a kuno. Palibe amene anayankhula. Wina anatsokomola chifuwa chabodza. Wina anausa moyo mokweza. Mtsikana amene anakhala moyang'anizana nane anandiyang'ana, n'kuyang'ana kapepala ka pa zenera, n'kundiyang'ananso, nsidze zili m'mwamba, ngati tikugwirizana zinazake. Tinagwirizanadi, koma zinathera m'maso. Wogwira ntchito m'sitima anabwera kudzaona matikiti, anafika pa bamboyo, bamboyo anangokweza foni yake osasiya kuyankhula, wogwira ntchitoyo anasikana tikiti pa foniyo, n'kupitirira. Osanena kanthu. Ine mtima unali phaphapha koma ndinadziuza kuti mlendo sathyola mphasa, komanso munthu wakuda ukadzudzula mzungu wa suti pagulu sudziwa kuti nkhani itembenukira kuti.

Anatipulumutsa ndi agogo ena aakazi a tsitsi loyera mbee, titadutsa York. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira mitu ya mipando, anafika pa tebulopo, n'kumuuza mwaulemu kwambiri kuti pepani bambo, mwina simunaone, ino ndi bogi ya chete. Bamboyo nkhope inafiira mpaka m'makutu. Ananyamula laputopu yake ili chitsegukire n'kupita ku khomo. Bogi yonse inakhala ngati yatula katundu. Koma taganizani, ntchito imene anaigwira agogo a zaka mwina 80 ndi imene munthu wa yunifolomu anaidutsa mphindi khumi zapitazo.

Pambuyo pake ndinafufuza ngati pali lamulo. Zimene zalembedwa pa timapepala tija ndi pempho chabe, palibe chindapusa chake. Lamulo lenileni lili m'malamulo a njanji a dziko lino, amene amaletsa kuimba kapena kuliza chipangizo chilichonse chotulutsa mawu mosowetsa ena mtendere, ndipo limagwira ntchito m'mabogi onse, osati ya chete yokha. Mu 2025 chipani cha Liberal Democrats chinapempha kuti oliza nyimbo ndi makanema pa foni popanda mahedifoni azilipitsidwa mpaka mapaundi 1,000, ndipo chaka chomwecho bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima za mu London la Transport for London linamata zikwangwani zopempha anthu kuvala mahedifoni. Zonsezo n'zabwino. Koma pa maulendo anga onse sindinaonepo wogwira ntchito akuuza munthu kuti tsitsani mawu. Mwina amaopa kutukwanidwa, ndipo poti inenso ndimagwira ntchito ndi anthu, ndikuwamvetsa pang'ono. Komabe ngati kampani yalonjeza chinthu, isasiyire okwera kuti azilondera okha.

Dandaulo langa lalikulu ndi la kagawidwe ka mipando. Pa ulendo wachisanu, pobwerera Lamlungu madzulo, munalowa banja: mayi, bambo, kamnyamata ka zaka ngati zinayi ndi khanda. Anangoti kukhala, mayiyo n'kuona kapepala kaja, nkhope yake inagwa. Ndinamumva akunong'oneza mwamuna wake kuti iye sanasankhe muno, makina ndiwo anawapatsa mipandoyi. Sitima inali yodzaza, anthu ataima mpaka ku makomo, kosamukira kunalibe. Khandalo linayamba kulira tisanafike ku Peterborough. Mayi uja anayenda nalo uku ndi uku, anakaima nalo ku khomo pafupi ndi chimbudzi kwa theka la ola, akubwerera n'kumapepesa aliyense amene wakumana naye maso. Kamnyamatako ankakauza kuti shii mphindi iliyonse mpaka nakonso kanayamba kulira. Panali bambo wina amene ankangopukusa mutu mowonetsera. Ine amene ndinamukwiyira ndi iyeyo, osati mwana. Khanda silidziwa kuwerenga zomata pa zenera. Wolakwa ndi amene anakonza makina ogulitsa matikiti oti angathe kuona kuti pa tikitiyi pali mwana koma n'kuponya banja lonse m'bogi imeneyi osalifunsa. Ndinamupatsa mayiyo mpando wanga wa m'mphepete mwa njira kuti azidzuka mosavuta, ndipo kamnyamatako ndinakapatsa bisiketi. Tulo sindinatione, koma tsiku limenelo sindikuliwerengera bogi.

Ndisadziyeretse. Nanenso ndinagwidwapo.

Unali ulendo wachinayi, tikuyandikira London. Foni ndinaitseka kulira monga mwa pempho, koma inanjenjemera m'thumba, kuyang'ana ndi amayi akuyimba pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu. Amene muli kunja mukudziwa mmene mtima umadumphira foni ya kumudzi ikabwera nthawi yosayembekezera. Suganiza za zomata pa zenera, umaganiza za maliro. Ndinayankha pomwepo. Ndipo amayi anga akamayankhula pa foni amakhulupirira kuti poti Ulaya ndi kutali, mawu ayenera kukankhidwa. Nanenso osadziwa ndinayamba kubweza chimodzimodzi. "Amayi! Mwadzuka bwanji? Kuli bwino kumeneko?" Kunali bwino. Ankafuna kundiuza kuti mbuzi yaswa awiri.

Nditakweza maso ndinapeza bogi yonse ikuchita zija ndinkachita ine kwa bambo wa laputopu. Chifuwa chabodza, kuusa moyo, nsidze m'mwamba. Mnyamata amene anali pambali panga sananene kanthu, anangoloza kapepala kaja ndi chala chimodzi akumwetulira. Manyazi anandigwira mpaka ku zala za kumiyendo. Ndinathamangira ku khomo n'kuyamba kunong'ona.

"Iwe, bwanji ukunong'ona? Wadwala?"

"Ayi amayi, ndili m'sitima. Muno salola phokoso."

"Salola phokoso? Muli maliro?"

"Ayi, anthu angofuna kupuma."

"Ndiye anthu onsewo akhala pamodzi osayankhulana? Anayambana?"

Ndisanayankhe sitima inalowa mu mphanga zija zimatsatizana munthu akamayandikira King's Cross, netiweki n'kuduka. Ndinaima pakhomopo ndikuseka ndekha. Funso lawo si lopusa. Amayi anazolowera basi ya ku Lilongwe, mmene mlaliki amaimirira kutsogolo Baibulo lili m'manja, wailesi ikulira, wogulitsa mbatata akugogoda pa zenera, ndipo amene wakhala naye pampando pofika pa Dedza amakhala atadziwa kwanu, mfumu yanu ndi matenda a mwana wanu. Kumeneko munthu wokhala duu ulendo wonse ndiye wamwano. Kuno wamwano ndi ine amene ndinapatsa moni mayi anga mokweza. Ndimazisowa za kwathuzo, kunena zoona. Koma osati nditagwira ntchito maola 12 usiku.

Maiko ena anasankha mbali imodzi n'kuimapo. Ku Netherlands bogi yolembedwa kuti Stilte ndi ya chete zenizeni, ngakhale kucheza sikuloledwa. Ku Japan sayembekezera bogi yapadera, kuyankhula pa foni uli pampando n'kosayenera m'sitima yonse. Ya kunoyi ili pakatikati, yofuna chete koma yoopa kuuza munthu, ndipo n'chifukwa chake tsiku lina imakoma tsiku lina ayi.

Kwa amene mukufuna kuyesa, nazi zimene ndaphunzira ndi thupi langa. Pewani mipando ya pa tebulo, chifukwa ndi imene imakoka magulu ndi a misonkhano. Pewaninso mipando yoyandikana ndi chitseko: onse omvera pempho amakayimbira foni kuseri kwake, ndipo chitsekocho chimangotseguka chokha munthu akasuntha, ndiye mumamva zonse kuphatikizapo fungo la chimbudzi. Pakati pa bogi, ku zenera, ndiye pabwino. M'kati mwa sabata m'mawa ndi bwino kwambiri. Lachisanu madzulo ndi Loweruka la mpira musayembekezere kanthu, anthu akadzaza amakhala paliponse pamene pali malo, ndipo gulu la ochemerera Newcastle United litanyamula zitini za mowa silinabwere kudzawerenga zomata. Tizipira totsekera m'makutu tengani ndithu, ine sindikweranso popanda timeneto.

Pa ukhondo ndi mipando ndilibe dandaulo, ndipo soketi zinkagwira ntchito maulendo onse kupatula umodzi. Ndapereka nyenyezi zitatu ndi theka: imodzi ndachotsera ogwira ntchito osadzudzula, theka ndachotsera makina oponya mabanja m'malo amene sanawasankhe. Tikiti ya mwezi wamawa ndagula kale, bogi yomweyo, mpando wa pakati ku zenera. Amayi ndawauza kuti tsiku limenelo asayimbe isanakwane 3 koloko ya kwawoko, poti nyengo yozizira ino ali patsogolo ndi maola awiri. Ayankha kuti aona, zitengera mbuzi.