Zanzibar kapena Mauritius: kothawira chisanu n'kuti?

Musanayang'ane mtengo wa tikiti, yang'anani kalendala. Amene ali ku Manchester kapena ku Leeds amathawa kuzizira kwa Disembala mpaka Febuluwale, pomwe wa ku Johannesburg kapena ku Dedza chisanu chimamupeza mu Juni ndi Julayi. Zilumba ziwirizi zimawalandira mosiyana anthu awiriwa.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, ku Mauritius kumatentha, kumagwa mvula, ndiponso ndiyo nyengo ya namondwe. Freddy uja anapululutsa chigawo chakummwera kwa Malawi mu Malichi 2023 anali atadutsa kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale. Masabata ambiri kumacha bwino ndithu, koma ngati abwana akupatsani sabata imodzi yokha ndipo mwasunga ndalama chaka chonse, sindingakonde kuti muchite nayo juga. Zanzibar ili kufupi ndi ikweta, namondwe safikako kawirikawiri, ndipo Januwale ndi Febuluwale amagwera pakati pa mvula yochepa ya Novembala ndi mvula yaikulu yoyambira Malichi mpaka Meyi. Kumatentha kwambiri, koma wochokera ku chipale chofewa akufuna zomwezo. Epulo ndi Meyi alekeni, ngakhale mitengo itsike chotani.

Juni mpaka Ogasiti Zanzibar imakoma koposa: kouma, kamphepo kayaziyazi, usiku ogoneka. Mauritius nayo imakhala ili m'nyengo yake yozizira. Masana kumafunda, madzulo kumafuna juzi, ndipo mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imawomba osapuma pagombe la Belle Mare ndi mbali yonse ya kum'mawa. M'miyezi imeneyi funani malo kumadzulo kapena kumpoto, ku Flic en Flac, Trou aux Biches kapena Grand Baie, kumene mapiri amatchinga mphepo.

Nkhani imene zithunzi za mahotela zimabisa ndi ya madzi. Kum'mawa kwa Zanzibar, ku Paje ndi ku Jambiani, nyanja imaphwa kawiri pa tsiku n'kupita kutali zedi. Mumatuluka m'chipinda ndi thaulo paphewa n'kupeza mchenga wonyowa, amayi akukolola ndere zimene amalima m'madzimo. Ndi zokongola kuona, koma kusambira mudikira maola. Wofuna kulowa m'madzi nthawi ina iliyonse apite kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, podziwa kuti kumeneko n'kumene kuli khamu la anthu ndi nyimbo zausiku. Ku Mauritius matanthwe a pansi pa nyanja azungulira pafupifupi chilumba chonse, ndiye mafunde amathera patali. Kumtunda kuno madzi ndi odekha ngati a ku Cape Maclear m'mawa wopanda mwera. Kwa banja la ana aang'ono, kapena mukutenga amayi anu achikulire, pamenepa Mauritius yapambana.

Kupuma kumatanthauzanso kusiyidwa wekha. Pamagombe otchuka a Zanzibar anyamata ogulitsa zibangili ndi maulendo apaboti sakhala patali, ndipo kukana mwaulemu kakhumi pa tsiku kumatopetsa. Akufunafuna chakudya cha ana awo, sindiwada, koma wofooka ndi ntchito adziwiretu. Ku Mauritius zimenezi n'zochepa, misewu ndi yabwino, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo basi imakufikitsani ku likulu la dzikolo, Port Louis, pa ndalama yochepa.

Thumba likalankhula, Zanzibar ndiyo ili pafupi nafe. Nyumba zogona alendo zotsika mtengo zilipo zambiri, nsomba yootcha ya pamsika wa chakudya wa madzulo wa Forodhani, m'tauni yakale ya Stone Town, siboola thumba, ndipo wochokera ku Malawi angathe kudutsa pa Songwe, kukafika ku Dar es Salaam, n'kukwera boti la maola awiri. Pasipoti ya Malawi sifuna viza ku Tanzania ngakhale ku Mauritius, koma ya Britain imafuna viza ku Tanzania. Kuyambira Okutobala 2024 alendo a ku Zanzibar amagulanso inshuwalansi ya boma la kumeneko ya madola 44, ngakhale ali nayo kale ina. Ku Mauritius n'kopita pandege basi, maola 4 kuchokera ku Johannesburg, pafupifupi 12 kuchokera ku London. Mahotela ake ndi odula, koma mukachita lendi nyumba yodziphikira, masana n'kumadya dholl puri (chakudya chonga chapati) wa m'mbali mwa msewu, zimapiririka.

Malungo ku Mauritius anathetsedwa kalekale. Ku Zanzibar anachepa koma alipo, ndiye anzathu amene mwakhalitsa kunja, makamaka ana obadwira komweko, musanene kuti magazi anu anazolowera. Onanani ndi dokotala musananyamuke. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere pagombe, m'tauni chitenje chigwire ntchito, ndipo m'mwezi wa Ramadan musamadye poyera masana.

Pali china chimene chimandikokera ku Zanzibar, ngakhale sichopumitsa mtima. Ku Stone Town kuli tchalitchi cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa ogulitsidwa m'misika ya kugombe limeneli anali ochokera m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ena atadutsa m'manja mwa Jumbe wa ku Nkhotakota. Mishoni imene inamanga tchalitchicho, ya UMCA, ndi yomwenso inamanga St Peter's ya pa Likoma. Mwana wanu ayenera kukaima pamenepo tsiku lina. Mauritius nayo ili ndi phiri la Le Morne, kumene akapolo othawa ankabisala, limene bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2008.

Ine ndingalangize chonchi. Wothawa chisanu cha ku Ulaya mu Januwale kapena Febuluwale apite ku Zanzibar, agone masiku awiri ku Stone Town, otsalawo ku Kendwa. Wa Juni ndi Julayi amene thupi latopa, ali ndi ana, ndipo ndalama ikumulola, apite kumadzulo kwa Mauritius. Ndalama ikavuta, Zanzibar ya Julayi sidzamukhumudwitsa, bola asungitse malo msanga chifukwa ndi mwezi umene alendo amadzaza.