Stent kapena bypass: chithandizo chiti chikuyenera mitsempha ya mtima yotsekeka?

Angiogram, kujambula mitsempha ya mtima pa X-ray, ikaonetsa kuti mitsempha yopereka magazi ku mtima yaphinjika ndi mafuta, njira zoitsegulira zilipo ziwiri: stent kapena opaleshoni ya bypass. Odwala ambiri, kuphatikizapo amene amakalandira chithandizochi ku India, ku South Africa kapena ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam, amathamangira stent poopa kung'ambidwa chifuwa. Mantha amenewa ndi omveka, koma si amene ayenera kusankha njira.

Stent ndi kachubu ka waya woluka, nthawi zambiri kotambalala mamilimita 2.5 mpaka 4. Dokotala amabaya jakisoni wadzanzi pamkono kapena m'mphechepeche, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono kotchedwa catheter mumtsempha mpaka ku mtima, wodwala ali maso. Pamalo otsekekawo amafufumitsa kabaluni komwe kamakanikiza stent m'mbali mwa mtsempha, ndipo imatsala momwemo moyo wonse. Ola limodzi kapena awiri ntchito yatha, mawa lake munthu watuluka. Kwa munthu amene mtsempha watsekekeratu mwadzidzidzi, palibe njira yoposa imeneyi, bola ichitike m'maola oyambirira.

Vuto la stent limabwera pambuyo. Chitsulo chikakhala mumtsempha, magazi amafuna kuundana pomwepo. N'chifukwa chake wodwala amamwa aspirin pamodzi ndi clopidogrel wa 75 mg tsiku lililonse kwa miyezi 6, kapena 12 ngati mtsempha unatsekeka mwadzidzidzi. Kudukiza mankhwalawa m'miyezi yoyamba, kaya chifukwa atha, kaya pofuna kuzula dzino, kungatseke stent nthawi imodzi n'kupha munthu. Amene akukhala kutali ndi famase yodalirika aganizire mfundo imeneyi asanavomere. Komanso mankhwala amadzi oonetsera mitsempha pa X-ray amalemetsa impso, choncho creatinine wa m'magazi, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ayezedwe kaye.

Bypass ndi ntchito yolemera. Amadula fupa la pakati pa chifuwa, kawirikawiri amaimitsa mtima makina n'kumapopa magazi, kenaka amasokerera mtsempha wotengedwa pena m'thupi lomwelo kulambalala potsekeka. Zimatenga maola 3 mpaka 6, m'chipatala masiku 5 mpaka 7, ndipo fupalo limafuna masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, osanyamula zolemera, osalima. Mtima kugunda mosalongosoka m'masiku oyamba n'kofala, bala likhoza kutukusira makamaka mwa odwala shuga, ndipo chiopsezo cha sitiroko panthawi ya opaleshoni n'chokwererapo kuposa cha stent.

Nanga n'kuvutikiranji chonsechi? Stent imakonza malo amodzi, pomwe bypass imadutsa chigawo chonse chodwala, kotero mafuta akadzaunjikana pena m'chigawocho magazi amakhala ali ndi podzera. Koma ubwino wake umadalira mtsempha umene agwiritsa ntchito. Wa m'kati mwa chifuwa kumanzere, umene amautcha LIMA, akaulumikiza ku mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa mtima, 9 mwa 10 iliyonse imakhala ikugwirabe ntchito patatha zaka 10. Ya kumwendo siilimba chotero: pafupifupi theka imakhala itatsekeka kapena kuwonongeka pa zaka zomwezo. Dokotala amene sakutchula LIMA pofotokoza bypass, mufunseni chifukwa chake.

Kafukufuku wa FREEDOM wa 2012 anatsatira odwala shuga 1,900 otsekeka mitsempha ingapo. Patatha zaka 5, amene anamwalira, kutsekeka mtsempha mwadzidzidzi kapena kuchita sitiroko anali 18.7 pa 100 mwa a bypass, pomwe mwa a stent anali 26.6. Kusiyana kumeneku si kwamasewera. Ife tikuti: shuga ndi mitsempha itatu yotsekeka, kapena SYNTAX score (nambala yosonyeza kuchuluka ndi kuvuta kwa malo otsekeka pa angiogram) ya 33 kupita m'mwamba, pitani ku bypass ngati thupi lingapirire. Mtsempha umodzi kapena iwiri yotsekeka mosavuta, score ya 22 kutsika, kapena munthu wokalamba wofooka mapapo, stent ndi yokwanira.

Palinso odwala amene safunika kuthamangira njira iliyonse mwa ziwirizi. Kafukufuku wa ISCHEMIA wa 2020 anapeza kuti mwa anthu amene chifuwa chimawawa akamagwira ntchito yolemetsa basi, kuyamba ndi stent kapena opaleshoni sikunachepetse imfa kuposa kuyamba ndi mankhwala, ngakhale kunachepetsa ululu. Chimene sitikondwera nacho n'chakuti ena amaikidwa stent tsiku lomwelo la angiogram, dokotala wa opaleshoni asanaone n'komwe zithunzi. Ngati si zadzidzidzi, pemphani kuti madokotala a mbali zonse ziwiri akambirane kaye, ndipo pobwerera kunyumba tengani CD ya angiogram ndi kalata yonena mtundu, kukula ndi malo a stent iliyonse, kuti dokotala wakwanu adziwe poyambira.