London ndi ana aang'ono: basi ya alendo, Tube kapena basi wamba?

Chiikireni zithunzi za ana ali pafupi ndi mikango ya pa Trafalgar Square, anthu anayi andifunsa kale funso limodzi lomweli: tikapita ndi ana ku London, tigule matikiti a basi ya alendo ija yopanda denga? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndingolemba kamodzi. Tapitako kawiri, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu awiri. Ulendo woyamba wamkulu anali ndi zaka 6, wamng'ono zaka ziwiri, akadali woyenda pa chikuku. Njira zitatu zonsezi tinazilawa, ndipo ndineneretu kuti imodzi ndinaisungira mangawa mpaka lero.

Ndiyambe ndi ya mangawayo. Matikiti a basi ya alendo ndinagula usiku pa foni, nditakopeka ndi mawu akuti ukhoza kukwera ndi kutsika paliponse kwa maola 24. Pofika pa tsamba lomaliza lolipirira, mtengo unali utakwera ndi kandalama kena kogulira pa intaneti, kamene sikanaoneke poyamba paja. Ndinangoti kaya, talowa kale. Mwana wa zaka 6 ndinamulipirira tikiti yakeyake, ndisakudziwa kuti mumzinda womwewu mwana wosakwana zaka 11 amakwera basi wamba ulere. Za maola 24 zija nazonso n'zongosangalatsa m'makutu, chifukwa mabasiwo anaweruka dzuwa lisanalowe n'komwe.

Komabe chimene chinandipweteka kwambiri ndi kudikira. Pa siteji ya pafupi ndi Tower of London tinaima ndi anthu ena ambiri, aliyense tikiti ili m'manja. Basi yoyamba inabwera itadzaza. Yachiwiri inali ndi malo pansi pokha, pamene munthu walipira kuti ukhale pamwamba. Yachitatu tinakwera, koma anati chikuku tipinde, ndiye taganizani: mwana ali m'tulo, chikwama cha matewera chili pansi pa chikukucho, botolo la madzi likugubuduzika, anthu kumbuyo akukuyang'ana. Titakwera pamwamba mphepo inali yoluma, wamng'ono anadzuka n'kuyamba kulimbana nane kuti aime pa mpando asuzumire kunja. Dzanja limodzi ndinam'gwira nalo m'chiuno ulendo wonse, linalo ndikubwezera timahedifoni m'makutu mwa mkulu wake, timene timangogwa chifukwa anatipangira makutu a akuluakulu. Mawu a m'timahedifonimo ankafotokoza za moto waukulu wa mu 1666, mwana akungofunsa kuti mikango ija tifika liti.

Basi ya alendo ilibe mapiko. Magalimoto akathithikana, nayonso imaima. Tili chiimire choncho, wamkulu anandikoka malaya.

"Amayi, mkodzo."

"Pirira pang'ono, tatsala pang'ono kutsika."

"Amayi, panopa!"

M'basimo mulibe chimbudzi. Tinatsika pa siteji yotsatira, kutambasula chikuku, kusaka chimbudzi, kubwerera, n'kuyambiranso kudikira pa mzere. Ndinati tingokwera basi yofiira imene inkadutsa pafupipafupi tsidya lina la msewu, koma bambo anakana. "Akazi anga, tinalipira kale, tiyeni tingodikira." Apa ndi pamene tikiti yodula imakumangira: umalephera kusintha maganizo chifukwa ukulirira ndalama. Madzulo nditawerengetsa, pa maola 6 amene tinali m'tauni, amene tinakhaladi m'basi ikuyenda sanakwane awiri.

Sindikuti basiyi n'njopanda ntchito kwa aliyense. Ngati ana anu ndi okulirapo, otha kukhala phee n'kumamvetsera, kapena mwatenga agogo amene miyendo ikuwavuta, kwerani, muzungulire kamodzi osatsika. Koma wa chikuku asayerekeze.

Tube, sitima ya pansi pa nthaka ija, pa liwiro palibe woiposa, ndipo ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira, mpaka ana anayi pa wamkulu mmodzi. Vuto lake ndi masitepe. Njanjiyi inayamba mu 1863, anthu asanaganize za zikuku, ndipo mwa masiteshoni 272, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu okha ndi amene mungayende kuchokera mumsewu mpaka pokwerera osaponda sitepe. Pa siteshoni ina tinanyamula chikuku, bambo kutsogolo ine kumbuyo, ngati tanyamula wodwala pa machira, wamkulu atagwira thumba la jekete yanga kuti asasowe m'chigulu. Musanalowe, yang'anani pa mapu kachizindikiro ka njinga ya olumala. Ka buluu kakutanthauza kuti mulowa mpaka m'sitima popanda sitepe, koyera ndi mpaka pa pulatifomu basi. Pa masiteshoni a Westminster ndi Tower Hill pali zikepe, ndiponso pa masiteshoni onse a njanji ya Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu 2022, mumafika pa pulatifomu osaponda sitepe. Ku Covent Garden musakopeke ndi masitepe ozungulira aja poona mzere wa pa chikepe, alipo 193.

Pali kamsampha kamodzi kamene tinadzitchera tokha. Pa Tube umagunditsa khadi polowa ndi potuluka, ndipo liyenera kukhala limodzimodzilo. Bambo analowa ndi foni, potuluka manja ali ndi chikuku n'kugunditsa khadi la kubanki. Akaunti ndi imodzi, koma makina amaona ngati maulendo awiri osamaliza, ndipo ulendo wosamaliza amaudula mtengo wapamwamba. Wamkulu aliyense akhale ndi khadi lake, Oyster (khadi lolipirira maulendo mu London) kapena la kubanki, ndipo asalisinthe tsiku lonse kuti malire a ndalama za tsiku, amene ukawafika sakudulanso tsikulo, agwire ntchito. China n'chakuti pansi pa nthaka mwana saona kalikonse kupatula nsapato za anthu.

Ulendo wachiwiri, mu 2024, tinangokwera mabasi ofiira wamba, ndipo apa ndiye mtima wanga uli. Munthu wamkulu ankalipira £1.75, ndipo ukasintha basi ola lisanathe sulipiranso. Ana ulere. Ndalama ya m'manja salandira chiyambire 2014, umangogunditsa khadi pokwera, potsika ayi. Nambala 15 imachoka ku Trafalgar Square kudutsa Strand, Fleet Street, tchalitchi cha St Paul's mpaka ku Tower of London, msewu womwe uja tinaulipirira ndalama zambirimbiri. Nambala 9 inatichotsa pa Trafalgar pomwepo kudutsa Hyde Park Corner n'kukatisiya pa Royal Albert Hall, kenako tinatsetsereka wapansi mu Exhibition Road mpaka ku Natural History Museum. Chikuku chimalowa osapinda, pali malo ake pakati pa basi, kungoti akakwera munthu wa njinga ya olumala malowo ndi ake, inu mupinde kapena mutsike. Ine ndinkakhala pansi ndi wamng'ono, bambo ndi wamkulu pamwamba, mpando wa kutsogolo kwenikweni, mwana akupinda chiwongolero chosaoneka. Wofotokozera mbiri ya nyumba palibe, ndiye ntchitoyo anaitenga bambo, ndipo zina ndikukhulupirira ankangopeka.

Ubwino waukulu n'ngwakuti mwana akati mkodzo, kapena akayamba kulira kwa tulo kuja, umaliza belu n'kutsika osamva kuwawa m'thumba. Basi ina ibwera posachedwa. Inde, nayo imachedwa pakakhala magalimoto ambiri, ndipo njira za mabasi amazisintha nthawi zina, choncho onani pa foni m'mawa mwake.

Za boti la pa mtsinje wa Thames ndinene pang'ono chabe: ana anakondwa podutsa pansi pa Tower Bridge, koma mtengo wake ndi wapadera, sulowa m'malire a tsiku aja.

Ku Natural History Museum kulowa n'kwaulere, zimbudzi zaulere, pali posinthira thewera. M'holo yaikulu anapachika mafupa a nangumi otalika mamita 25 kuyambira mu 2017, ndipo wamng'ono anangoima kukamwa kuli yasa, khosi litapindikira kumwamba. Pa tchuthi cha sukulu sungitsiranitu nthawi yolowera pa intaneti, mzere wa pakhomo umatalika. Tinakhalamo maola atatu, ndipo amenewo ndiwo anali malo aakulu okhawo a tsikulo. Nthawi yotsalayo inathera ku St James's Park, ana akuthamangitsa agologolo, Buckingham Palace tikungoiona chapatali.

Ndiye mukandifunsa, yankho langa ndi basi yofiira tsiku lonse, Tube kamodzi kokha pobwerera ana atatheratu, ndipo pa siteshoni ya chikepe. Timahedifoni ta pa basi ya alendo tija ndikadali nato m'dilowa, mapeyala atatu. Bambo akati nditaye ndimakana, ndimawauza kuti m'nyumba muno mulibe mahedifoni ena amene tinagula modula choncho.